Werengani agulugufe, mupulumutse chimanga

Ngati kwanu ndi ku Ulongwe, ku Phalula, ku Nsanama kapena ku Chikweo, foni ya mwezi wa Januwale mumaidziwa. Imayamba ndi moni, kenako nkhani ya mvula, ndiye pamapeto pake: "Mbozi zalowa m'chimanga, tatumizako kangachepe tigule mankhwala." Mumatumiza pa Mpamba kapena pa Airtel Money, mankhwala amagulidwa, amapopera, koma pakatha sabata uthenga umabweranso woti sizikufa. Ena amati mankhwala a masiku ano ndi madzi enieni. Ena amati mbozizi n'zokhwima. Zimenezo zilipo ndithu, koma nthawi zambiri vuto limakhala loti anthu aziona mochedwa. Pamene masamba aoneka ong'ambikang'ambika ngati mwadutsa mbuzi, mbozi imakhala itakula kale, itabisala kumtima kwa chimanga, ndipo zambiri zoti iwononge yawononga kale.

M'gawo lathu la mwezi uno tikambirane za kachipangizo kamene kamathandiza mlimi kudziwa kuti mbozi zili m'njira, mazira asanaswe n'komwe. Alangizi amakatcha msampha wa feromoni. Ife tingoti msampha wa fungo. Mwina munauonapo m'mbali mwa munda wa mlimi wachitsanzo: kandowa koyera kovala chipewa chobiriwira, kakulendewera pamtengo. Ambiri amangodutsa osafunsa, ena amayesa ndi zotsirikira munda. Kandowa kameneka ntchito yake yaikulu ndi imodzi, kukuuzani sabata yoyenera kulowa m'munda n'kuyang'ana chimanga phesi ndi phesi. Koma kamathandiza pokhapokha patakhala munthu wowerenga, kulemba ndi kuuza anzake. Munthu ameneyo akhoza kukhala inuyo amene mukuwerenga nkhaniyi pafoni.

Mlendo amene anabwera osachokanso

Ambirife timangoti ntchemberezandonda, koma pali mitundu iwiri. Zimene agogo athu ankazidziwa zimabwera mwa apo ndi apo, zimayenda chigulu poyera, zimadya udzu ndi mbewu zanthete, kenako n'kuzimiririka. Iyi yatsopanoyi, imene pa Chingerezi amati fall armyworm, kwawo ndi ku America. Mu Africa muno inaoneka koyamba kumayambiriro kwa 2016, ku Nigeria ndi maiko ena a kumadzulo, ndipo m'nyengo ya ulimi ya 2016/2017 inali itafika kale ku Malawi. Mu Disembala 2017, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 a dziko lino ali pangozi chifukwa cha mbozi imeneyi. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse timakumana nayo.

Kuizindikira n'kosavuta. Pamutu pake pali chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda toyalana ngati ngodya zinayi za bokosi. Ndi yosiyana ndi kapuchi, amene amaboola phesi n'kukhala m'kati. Iyi imakonda kumtima kwa chimanga, paja masamba atsopano amatulukira, ndipo imasiya ndowe zooneka ngati utuchi wonyowa.

Mayi wa mboziyi ndi gulugufe wotuwa woyenda usiku. Amaikira mazira pamasamba m'timagulu ta 100 mpaka 200, n'kuwaphimba ndi tiubweya, ndipo pamoyo wake wonse akhoza kuikira mazira 1,000 kapena kuposa. Kukatentha, mazirawo amaswa pamasiku 2 kapena 3 okha. Mbozi imadya kwa masabata awiri kapena kupitirirako pang'ono, kenako imalowa m'nthaka n'kukhala m'chikwa kwa masiku 8 kapena 9, n'kutulukamo ili gulugufe. Ulendo wonsewu m'nyengo yotentha umatha mwezi umodzi basi, ndiye kuti kuchokera podzala mpaka pokolola m'munda umodzi mukhoza kudutsa mibadwo itatu kapena inayi. Kuuluka nakonso amatha. A FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, amati mothandizidwa ndi mphepo gulugufeyu akhoza kuyenda makilomita 100 usiku umodzi. Wonyamuka ku Liwonde madzulo, kukacha akhoza kukhala ku Mangochi.

Masiku oyambirira kambozi kamakhala ngati kachidutswa ka ulusi, kamangopala tsamba pamwamba n'kusiya timawindo toonetsa kuwala. Pamenepo m'pamene kali kofooka: mvula yamphamvu imakakokolola, nyerere zimakatola, mankhwala pang'ono amakapha. Kakangokula n'kulowa kumtima, kamadzitsekera ndi ndowe zake ndipo mankhwala ambiri amangodutsa pamwamba. Chakudya chochuluka mbozi imadya m'masiku ake omaliza. Choncho mlimi ali ndi masiku ochepa, pafupifupi sabata imodzi, oti aigwire isanalimbe. Nanga sabata imeneyo aidziwa bwanji?

Fungo limene ife sitilimva

Usiku m'munda mulibe magetsi, koma gulugufe wamwamuna amamupezabe wamkazi. Wamkaziyo akakonzeka amatulutsa kafungo kochepa kwambiri kamene kamayenda ndi mphepo. Mphuno ya munthu singakamve, koma wamwamuna amakamva ndi tinyanga take ali patali, n'kuuluka molimbana ndi mphepo mpaka kukafika pamene kakuchokera. Fungo lotere, limene tizilombo ta mtundu umodzi timatumizirana uthenga, ndi limene akatswiri amalitcha feromoni.

Katswiri wina wa ku France, Jean-Henri Fabre, anazizwa nazo m'zaka za m'ma 1800 ataona agulugufe aamuna ambirimbiri akulowa m'nyumba mwake usiku kutsatira wamkazi mmodzi amene anamutsekera m'kakhola. Panapita zaka zambiri chinsinsicho chisanadziwike. Mu 1959 Adolf Butenandt wa ku Germany ndi anzake anakwanitsa kupatula fungo lotere n'kudziwa mmene linapangikira, atagwiritsa ntchito agulugufe aakazi a silika pafupifupi 500,000. Fungo likadziwika kapangidwe kake, likhoza kupangidwa m'fakitale. Lero makampani amapanga feromoni ya fall armyworm n'kuilowetsa m'kampira kakang'ono ngati kofufutira ka pensulo. Kampira kameneka ndiye nyambo ya msampha wathu.

Mtundu uliwonse wa kachilombo uli ndi fungo lakelake. N'chifukwa chake nyambo ya ntchemberezandonda zakale ndi ina, ya Tuta absoluta wowononga tomato ndi ina, ya nankafumbwe wamkulu wa m'nkhokwe ndi inanso. Pogula kapena polandira nyambo, werengani papaketi. Pakhale palembedwa fall armyworm kapena dzina lake la sayansi, Spodoptera frugiperda.

Katcheredwe kake

Msampha umene a FAO amalimbikitsa uli ndi zigawo zitatu: chipewa chobiriwira pamwamba, fanelo yachikasu pakati, ndi kandowa koyera pansi. Nyambo imakhala m'kadengu pansi pa chipewa. Wamwamuna amabwera akuyesa wapeza mkazi, amazungulirazungulira mpaka kutopa, n'kutsetsereka pafanelo kugwera m'ndowa. M'ndowamo mumaikidwa kachidutswa ka mankhwala kamene kamamupha msanga kuti asathawe ndiponso asapukutike mapiko, chifukwa mapikowo ndi amene mudzamuzindikire nawo.

Ngati msampha wa kusitolo palibe, chigubu cha malita asanu chimagwira ntchito. Boolani mawindo m'mbali chakumtunda, thirani madzi a sopo pansi, ndipo nyambo muipachike ndi waya pamwamba pa madziwo kuti isanyowe. Ntchito imachulukirako chifukwa madzi sachedwa kuuma ndi dzuwa la ku Balaka, komanso gulugufe wonyowa amavuta kumuzindikira, komabe kuwerenga kumatheka. Chimene simungapange nokha ndi nyambo. Imeneyo funsani kwa alangizi ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu, kaya ndi ku Utale, Bazale, Mpilisi, Nyambi kapena Nanyumbu, kapenanso kwa ogulitsa zipangizo za ulimi ovomerezeka.

Mfundo zoti muzigwire ndi izi:

1. Tcherani nthawi yodzala, kapena masabata angapo musanadzale, ndipo msampha ukhalebe mpaka mutakolola.

2. Ikani m'kati kapena m'mphepete mwa munda, poyera pamene mphepo imadutsa. Pansi pa mtengo wa mango kapena kuseri kwa chulu fungo siliyenda bwino.

3. Pachikani pansungwi kapena pamtengo wolimba, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Chimanga chikamatalika, muzikweza msamphawo kuti uzikhala pamwamba pa masamba.

4. Msampha umodzi umakwanira theka la hekitala mpaka mahekitala awiri. Ngati muli nayo iwiri, italikirane mamita 50 kapena kuposa, kuti isalandane agulugufe.

5. Nyambo musaigwire ndi manja. Valani magolovesi kapena kajumbo koyera. Imatha mphamvu pakapita masabata 3 mpaka 6 malinga ndi mtundu wake, ndipo kotentha imatha msanga. Zotsala zikhale zomata m'paketi yake, m'firiji kapena pamalo ozizira pamthunzi. Yakutha musaitaye m'munda, chifukwa kafungo kotsalako kadzakoka agulugufe kuwachotsa kumsampha. Ikwirireni kutali.

6. Kachidutswa ka m'ndowa kaja ndi poizoni. Ana asaseweretse, agulugufe akufa muziwakwirira osati kuponyera nkhuku, ndowayo isagwirenso ntchito ya pakhomo, ndipo mukamaliza sambani m'manja ndi sopo.

Nkhani ili pa kuwerenga

Kawiri pasabata, kapena kamodzi ngati munda uli kutali, tsegulani ndowa m'mawa, khuthulirani agulugufe papepala n'kuwerenga. Muzisunga masiku omwewo, mwachitsanzo Lolemba ndi Lachinayi, kuti nambala zizifanizirika. Si gulugufe aliyense wa m'ndowa amene ndi mdani wanu, paja nyambo imakokanso abale ake ena ofanana naye. Wamwamuna wa fall armyworm akatambasula mapiko amafika masentimita 3 mpaka 4. Mapiko akutsogolo ndi otuwa mosakanikirana ndi bulawuni, okhala ndi banga loyera kunsonga. Akumbuyo ndi oyera koma m'mphepete mwake mwakuda. Masiku oyamba jambulani chithunzi chooneka bwino, mutumizire alangizi akutsimikizireni. Pakatha masabata awiri mudzakhala mukumudziwa ngati mnansi wanu.

Lembani m'kope zinthu zinayi: tsiku, nambala ya agulugufe, msinkhu wa chimanga, ndiponso ngati kwagwa mvula. Nambala ya tsiku limodzi payokha sinena zambiri. Chofunika ndi kusintha kwake. Tiyerekeze kuti mwapeza 2, kenako 3, kenako 1, ndiye Lachinayi lina mwapeza 25. Ndiye kuti gulu latsopano la agulugufe latuluka m'nthaka kapena lafika ndi mphepo. Pamene pachuluka amuna chonchi, akazi aliponso, ndipo masiku omwewa akuikira. Tawerengani: mazira a usiku uno aswa mkucha kapena mtondo, ndipo pofika Lachinayi linalo timbozi tidzakhala tikupala masamba. Sabata ija tinkaifuna ndi imeneyi.

Zimene msampha sungachite

Apa tisanamizane. Msampha umagwira amuna okhaokha, pomwe oikira mazira ndi akazi. Wamwamuna mmodzi wopulumuka akhoza kukumana ndi akazi angapo, ndipo wamkazi akhoza kufika m'munda mwanu atakumana kale ndi mwamuna m'munda wa ena. Choncho ngakhale ndowa itadzaza, mazira m'munda aikiridwabe. Wina akadzakuuzani kuti gulani misampha iwiri basi mbozi zatha, ameneyo akufuna ndalama zanu.

Chinanso, ndowa yopanda kanthu si umboni woti munda uli bwino. Mwina nyambo yatha mphamvu, mwina kangaude watseka fanelo ndi ukonde wake. Ndowa yodzaza nayonso si lamulo loti mupopere, chifukwa mvula yamphamvu ikhoza kugwa mawa lake n'kukokolola timbozi tambiri. Msampha uli ngati belu la kusukulu. Likalira, sikuti ana aphunzira kale ayi, ndiye kuti nthawi yolowa m'kalasi yakwana.

Zilipo ndithu njira zimene feromoni imagwiritsidwa ntchito pochepetsa tizilombo tokha. M'minda ikuluikulu ya maapozi ku Europe ndi ku America amamwaza fungolo paliponse, amuna n'kusokonezeka osapeza akazi. Ku United States njira imeneyi, pamodzi ndi thonje losagwidwa ndi mbozi komanso kumwaza agulugufe osabereka, inathandiza kuthetseratu mbozi ya thonje yotchedwa pink bollworm, ndipo boma la kumeneko linalengeza zimenezi mu 2018. Koma zinatheka chifukwa alimi a madera athunthu anachitira limodzi kwa zaka zambiri. Pa ekala imodzi yozunguliridwa ndi minda ya ena sizingatheke. Alimi a thonje a ku Balaka mfundoyi amaidziwa bwino: kuzula ndi kutentha mitengo ya thonje mukatha kukolola kumathandiza pokhapokha mudzi wonse utachita.

Belu likalira, lowani m'munda

Pitani m'mawa kapena chakumadzulo, pamene mbozi zimaonekera poyera. Siyani mizere ya m'mphepete, yendani mokhotakhota ngati mukulemba chilembo cha W, ndipo muime malo asanu. Pamalo aliwonse yang'anani mapesi 10 otsatizana, kuti onse pamodzi akwane 50. Paphesi lililonse tembenuzani masamba muone ngati pali mazira, fufuzani timawindo tatsopano pamasamba atatu kapena anayi a pamwamba, ndipo suzumirani kumtima ngati muli ndowe zaziwisi. Mabala akale a masamba a m'munsi musawawerenge, chifukwa amene anawapanga mwina anachoka kalekale. Ntchito yonseyi sifika ola limodzi, ndipo ngakhale msampha utakhala chete, muziichita kamodzi pasabata kuyambira chimanga chikangomera.

Buku la alangizi limene mabungwe a CIMMYT ndi USAID anatulutsa mu 2018 limapereka muyeso kwa alimi ang'onoang'ono. Chimanga chikadali chaching'ono, cha masamba osapitirira 6, chitanipo kanthu ngati mapesi pafupifupi 20 pa 100 alionse agwidwa. Pa mapesi 50 anu aja, ndiye kuti 10. Chikakula koma chisanamasule ngayaye, muyeso umakwera kufika 40 pa 100, kapena kuti mapesi 20 pa 50. Tanthauzo lake n'lakuti chimanga chimapirira kuposa mmene maso athu amaonera. Phesi lodyedwa masamba, ngati lili ndi chinyezi ndi chakudya chokwanira, limatulutsa masamba ena n'kubereka. Kupopera munda wonse chifukwa mwaona mabowo pamapesi atatu n'kutaya ndalama imene ikanagula feteleza wobereketsa.

Mukazipeza zochuluka

Yambani ndi zimene zili pafupi. Pamunda waung'ono, kufinya mazira ndi timbozi ndi zala kawiri pasabata kumathandiza kwambiri. Kagulu kamodzi ka mazira mukakafinya, mwapha mbozi 100 kapena kuposa zisanalawe tsamba. Alimi ambiri m'dziko muno amathira dothi, mchenga kapena phulusa pang'ono kumtima. Ena amawaza msuzi wa usipa kapena madzi a shuga kuti aitane nyerere, zimene zimatola mbozi. Enanso amaviika masamba osinja a nimu kapena ombwe usiku wonse, n'kusefa, n'kuthira kumtima. Njira zonsezi zimachita bwino pa timbozi tating'ono kusiyana ndi zikuluzikulu, ndiye mukuona chifukwa chake kudziwa sabata kuli kofunika.

Ngati pafunika mankhwala a kusitolo, funsani alangizi dzina lake ndi muyeso wake. Gulani a m'botolo lomata, lokhala ndi malangizo, ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board. Aja ogulitsidwa pamsika m'timabotolo topanda dzina, asiyeni, simudziwa chimene chilimo. Poperani m'mawa kwambiri kapena madzulo, mulunjike kumtima, mutaphimba manja, mphuno, pakamwa ndi miyendo. Ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asayandikire. Musabwereze mtundu umodzimodzi nyengo yonse, chifukwa umo ndi mmene mbozi zimazolowerera mankhwala. Ndipo chimanga chikakupitirirani msinkhu, kupopera kumakhala koopsa kwa inu eni, popeza mankhwala amakugwerani kumaso.

Kumbukiraninso kuti m'munda muli antchito aulere: nyerere, akangaude, mbalame, ndi timavu ting'onoting'ono timene timaikira m'mazira a gulugufe n'kuwawononga. Kupopera chisawawa kumayamba kupha iwowa, mbozi n'kutsala paufulu. Kusakaniza chimanga ndi nandolo, khobwe kapena mtedza, kumene makolo a ku Machinga ndi Balaka akhala akuchita kuyambira kale, kumathandiza kusunga antchito amenewa. Kudzala ndi mvula yoyamba yokwanira, limodzi ndi anansi, kumathandizanso, chifukwa munda wodzalidwa mochedwa umakhala wanthete pamene agulugufe achuluka kale m'dera.

Chifukwa chake kwathu kuno tisagone

Maboma awiriwa ali ndi zifukwa zakezake zosamalira nkhaniyi. Choyamba ndi kutentha. Balaka ndi chigwa cha Shire cha ku Liwonde ndi malo otsika, otentha, ndipo mbozi imakula msanga kukatentha. Chachiwiri ndi ng'amba. Mvula ikadula mu Januwale kapena Febuluwale, monga zimachitikira kawirikawiri kuno, timbozi sitikokoloka, ndipo chimanga chofooka ndi dzuwa chimalephera kudzibwezera. Chachitatu ndi madimba. Mbozi iyi sigona m'nthaka miyezimiyezi kudikira mvula. Imafuna chakudya chaka chonse. Chimanga cha mthirira m'mbali mwa Shire ndi Rivirivi, komanso m'madambo ozungulira nyanja za Chilwa ndi Chiuta, chimatipatsa mondokwa ndi ndalama m'chilimwe, koma ndi mlathonso umene mbozi imawolokera kuchoka dzinja lina kufika linzake. N'chifukwa chake msampha wa kudimba suyenera kupuma. Nambala zake za Okutobala ndi Novembala zimachenjeza a minda ya kumtunda asanadzale.

Kulondera tizilombo si kwachilendo m'dera lino. Madambo a Chilwa ndi Chiuta ndi ena mwa malo odziwika kumene dzombe lofiira limaswana, ndipo bungwe la maiko angapo la IRLCO-CSA, lomwe likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia, lakhala likuwayendera kwa zaka zambiri kuti dzombe lipezeke lisanapange chigulu n'kuuluka. Nzeru yake ndi yomweyi ya kandowa kathu, kungoti dzombe amalondera ndi akatswiri, pomwe mbozi ya m'munda mwanu mlonda wake ndi inu.

Ntchito ya amene ali ndi foni

Minda yathu yambiri ndi yaing'ono, ndiye kuti msampha umodzi umalankhulira mabanja angapo. Chimene chimapha ntchito yotere nthawi zambiri ndi kusowa mwini. Mwezi woyamba aliyense amafuna kusuzumira m'ndowa, wachiwiri nyambo yatha palibe wosintha, wachitatu msampha wagwa uli m'udzu. Amayi ndi agogo ali ndi kupalira, kubandira ndi maganyu. Sangawonjezerenso kope ndi kalendala. Pamafunika munthu mmodzi amene mudzi ukumudziwa kuti ntchito imeneyi ndi yake, ndi wina womugwirira akachokapo.

Ngati mukukhala kumudzi konko, yambani ndi kuonana ndi a mfumu, alangizi ndi mlimi wachitsanzo, mugwirizane pamene msampha ukhale. Tsegulani gulu la WhatsApp la minda yoyandikana, kapena gwiritsani ntchito la kalabu kapena la banki mkhonde limene lilipo kale. Tsiku lowerenga, ponyani nambala ndi chithunzi tsiku lomwelo. Nambala ikakwera, tumizani uthenga wa mawu m'Chichewa kapena m'Chiyao, woti aliyense amve: "Agulugufe achuluka, sabata ino tiyendere chimanga." Amene alibe foni auzidwe kumjigo, kuchigayo kapena pamsonkhano wa mudzi. Tsiku losintha nyambo liikeni pakalendala ya foni kuti idzakukumbutseni.

Alangizi asasowe m'gululo. Mlangizi mmodzi amayang'anira midzi yambiri ndipo sangafike paliponse sabata iliyonse, koma nambala zochokera m'misampha ingapo zimamuonetsa kumene afulumire. Malipoti ake amakwera ku ofesi ya boma mpaka ku Machinga ADD ku Liwonde, imene imayang'anira ulimi m'maboma a Machinga, Balaka, Mangochi ndi Zomba. Palinso mapulogalamu a pafoni opangidwira ntchito yomweyi. Mu 2018 a FAO anatulutsa FAMEWS, yolemberamo nambala za m'misampha ndi za poyendera munda. Ina ndi Nuru, yopangidwa ndi a PlantVillage a ku yunivesite ya Penn State ku America, imene imazindikira kudya kwa mbozi mukaloza kamera patsamba, ngakhale popanda intaneti. Funsani alangizi kuti iwo akugwiritsa ntchito iti, mutsatire yomweyo. Komabe kope musalisiye. Foni imatha batire, imabedwa, koma kope la chaka chino lidzakuuzani chaka chamawa mwezi umene agulugufe amachuluka m'dera lanu.

Ngati muli ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, gawo lanu liliponso. Mu Okutobala, pamene mukutumiza ya mbewu ndi feteleza, patulani kangachepe ka nyambo ndi bandulo ya mng'ono wanu kapena mphwanu amene angamawerenge. Nyengo ya chimanga ya miyezi inayi imafuna kusintha nyambo katatu kapena kanayi, ndiye zigulidwe zokwanira nthawi imodzi. Mukamaimba foni Lamulungu, pambuyo pa moni mufunsenso kuti, "Sabata ino mwapeza angati?" Munthu akadziwa kuti afunsidwa, ndowa amaitsegula.

Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Mvula isanagwe, chitani zinthu zitatu: pezani nambala ya foni ya alangizi a dera lanu, funsani ngati m'mudzi mwanu muli kale msampha ndi amene akuuyang'anira, ndipo gulani kope. Ngati msampha ulipo koma unasiyidwa, uimikeni, muutsuke, muike nyambo yatsopano. Ngati kulibe, mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi oyandikana minda akhoza kusonkherana n'kugula umodzi. Tikumanenso mwezi wamawa.